Kumanga popanda buku la malangizo: mbiri ya tinjerwa toseweretsa ku Leeds ndi mizinda yoyandikana nayo

Mzinda wa Leeds, womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Aire m'chigawo cha West Yorkshire kumpoto kwa England, unakula ndi ntchito zoluka nsalu za ubweya wa nkhosa, kusoka zovala ndi kusula zitsulo, ndipo ngakhale kuti mafakitale ambiri amene anautchukitsa anatsekedwa kalekale, chizolowezi chopanga zinthu ndi manja sichinathe mwa anthu ake. Masiku ano mumzindawu, monganso ku Manchester, Sheffield ndi York, muli anthu akuluakulu amene nthawi yawo yopuma amaithera pomanga zifanizo za nyumba, masitima a pamtunda ndi milatho pogwiritsa ntchito tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana, tomwe ambiri amatidziwa ndi dzina la kampani ya ku Denmark ya LEGO. Chimene chimawasiyanitsa ndi munthu wamba wogula chidole ndi chakuti iwo satsatira buku la malangizo lomwe limabwera m'bokosi, koma amasankha okha chinthu choti amange, amachiyeza, n'kupeza njira yochitulutsira ndi tizidutswa tomwe opanga ake sanatikonzere ntchito imeneyo. Mwambowu umaoneka ngati wachilendo komanso wochokera kunja, koma mizu yake kumpoto kwa England ndi yakale kuposa pulasitiki, chifukwa unabadwira m'nyumba za amisiri a zitsulo amene ankayamba apanga kachifanizo kakang'ono asanaike chuma chawo pa makina enieni.

Munthu woyamba woyenera kutchulidwa ndi John Smeaton, yemwe anabadwa mu 1724 ku Austhorpe, dera lomwe tsopano lili mkati mwa Leeds, ndipo amadziwika ngati mmodzi mwa oyambitsa ntchito ya uinjiniya wa zomangamanga. Smeaton ankakhulupirira kuti funso lokhudza makina liyenera kuyankhidwa poyesa, osati potsutsana, choncho anapanga tizifanizo ta magudumu oyendetsedwa ndi madzi ndi ta zigayo zoyendera mphepo, n'kumasintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti aone chotsatira chake, ndipo ntchito imeneyi inam'patsa mendulo ya Copley ya bungwe la Royal Society mu 1759. Chaka chomwecho anamaliza kumanga nsanja yowunikira zombo pa matanthwe a Eddystone, m'nyanja kufupi ndi Plymouth, pamalo pomwe nsanja yoyamba inakokoloka ndi namondwe ndipo yachiwiri inapsa ndi moto. Chinsinsi cha nsanja yake chinali m'kasemedwe ka miyala, pakuti mwala uliwonse unasemedwa ndi mano olowa mwa unzake, kotero kuti funde likamenya mwala umodzi linkakumana ndi kulemera kwa mzere wonse. Nsanjayo inatumikira zaka zoposa 100, ndipo inachotsedwa chifukwa cha thanthwe la pansi pake lomwe linayamba kudyeka, osati chifukwa cha kufooka kwa makoma. Palibe mzere wolunjika wochoka kwa Smeaton kufika kwa opanga zidole, komabe mfundo imene iye anaitsimikiza ndi miyala, yoti mphamvu ya chomangidwa ili m'kalumikizidwe ka zidutswa zake, ndi imene womanga aliyense wa tinjerwa amaiphunzira khoma lake loyamba likagwa.

Patapita zaka pafupifupi 50, Matthew Murray, mmodzi mwa eni fakitale ya Round Foundry ku Holbeck, anapangira John Blenkinsop injini ya nthunzi yokokera malasha kuchokera ku migodi ya Middleton kupita mumzinda. Injiniyo, yotchedwa Salamanca, inayamba ntchito mu 1812, ndipo inkayenda ndi gudumu la mano lomwe linkaluma mano ena oikidwa m'mbali mwa njanji. Kachifanizo ka injini ya mtundu umenewu, kopangidwa mu 1811, kakusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Leeds Industrial Museum ku Armley Mills, ndipo kamawerengedwa ngati kachifanizo kakale kwambiri ka injini ya sitima komwe kalipo pa dziko lapansi. Sikanali chidole, koma chida chofotokozera eni migodi mmene makinawo adzagwirire ntchito. M'zaka zotsatira dera la Hunslet linadzaza ndi makampani opanga injini za sitima monga Kitson, Manning Wardle, Hudswell Clarke ndi Hunslet Engine Company, ndipo mabanja masauzande anakula akudziwa kuwerenga chojambula cha makina ndi kulemekeza muyeso. Sizodabwitsa kuti mu 1912 Rex Stedman anayambitsa Leeds Model Company, kampani yopanga tisitima tating'ono, yomwe pambuyo pake inakhazikika mumsewu wa Balm Road ku Hunslet komweko, pafupi ndi mafakitale opanga masitima enieni.

Koma mzinda umene unasandutsa luso limeneli kukhala malonda a m'nyumba iliyonse unali Liverpool. Mu 1901 Frank Hornby, kalaliki wa kampani ina yogulitsa nyama, analembetsa umwini wa luso la tizitsulo topyapyala tobooledwa mabowo otalikirana mofanana, theka la inchi kuchoka pa bowo lina kufika pa linzake, tomwe timamangidwa ndi tibawuti ndi tinati. Chidolechi, chomwe chinadzatchedwa Meccano, chinabweretsa ganizo limene nkhani yonseyi yatsamirapo, loti zidutswa zonse zikhale za muyeso umodzi kuti chidutswa chogulidwa chaka chino chilumikizane ndi chogulidwa zaka khumi zapitazo. Hornby anazindikiranso kuti ogula amene amapanga zawozawo ndiwo otsatsa malonda abwino koposa, choncho anayambitsa magazini ya Meccano Magazine mu 1916 ndi bungwe la makalabu la Meccano Guild mu 1919, ndipo mipikisano yake inkapereka mphotho kwa amene apanga chinthu chatsopano osati amene atengera za m'buku. Kukula kwa mwambowu kunaoneka mu 1934 pa yunivesite ya Manchester, pamene Douglas Hartree ndi wophunzira wake Arthur Porter anamanga makina othetsera masamu ovuta pogwiritsa ntchito kwambiri zidutswa za Meccano, ndipo makinawo anagwiradi ntchito. M'chaka chomwecho Charles Plimpton, wa ku Liverpool komweko, anayamba kugulitsa Bayko, chidole chomangira nyumba momwe tinjerwa ta Bakelite, pulasitiki wolimba wa nthawi imeneyo, tinkatsetsereka pakati pa timitengo tachitsulo tozikidwa m'mabowo a thabwa la pulasitiki. Bayko inkatulutsa nyumba zooneka bwino zofanana ndi za m'madera atsopano a kunja kwa mizinda, koma inkam'manga manja womanga, chifukwa khoma linkayenera kuima pomwe pali bowo basi, ndipo inasiya kupangidwa mu 1967. Leeds nayo inali ndi kampani yotchuka ya masewero, John Waddington, yomwe inkasindikiza Monopoly ndi Cluedo, koma masewero amenewo anali a pa tebulo, osati omanga.

Kanjerwa kolumikizana kenikeni kanachokera kummwera kwa England. Hilary Page, mwini kampani ya Kiddicraft, anapanga njerwa zazikulu za ana aang'ono cha m'ma 1939, kenako mu 1947 anatulutsa tinjerwa tating'ono tokhala ndi timitu tozungulira pamwamba komanso mphako pansi. Ole Kirk Christiansen, woyambitsa LEGO, kalipentala wa ku Billund ku Denmark yemwe anayamba kupanga zidole za matabwa mu 1932, anaona tinjerwa timeneti pamene kampani yake inkagula makina oumbira pulasitiki, ndipo mu 1949 anatulutsa take tofanana nato kwambiri. Page anamwalira mu 1957, ndipo LEGO inadzagula ufulu wa mapangidwe a Kiddicraft mu 1981. Mbiri yoona siyenera kubisa ngongole imeneyi, koma siyeneranso kuchepetsa zimene anthu a ku Denmark anawonjezera. Tinjerwa toyambirira tinkangokhala pamwamba pa tinzake popanda kugwirana mwamphamvu, mpaka pa 28 Januwale 1958 pamene Godtfred Kirk Christiansen, mwana wa Ole, analembetsa luso loika timapaipi mkati mwa mphako ya pansi, kuti kamutu kalikonse kapanikizike pakati pa kapaipi ndi khoma la kanjerwa. Mu 1963 kampaniyo inasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulasitiki wotchedwa ABS, yemwe sapindika kapena kufota msanga, n'chifukwa chake kanjerwa ka zaka za m'ma 1960 kamagwirabe kanjerwa kogulidwa lero. Ku Britain tinjerwati tinayamba kupezeka cha m'ma 1960 kudzera mu kampani ya nsalu ya Courtaulds, yomwe inali ndi fakitale yake ku Wrexham, ndipo pamene fakitale ya Meccano ya mumsewu wa Binns Road ku Liverpool inkatsekedwa mu 1979, ana ambiri a kumpoto anali atasamukira kale ku pulasitiki.

Luso lonse la womanga zakezake limayambira pa manambala ochepa chabe. Kuchoka pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kanzake ndi mamilimita 8, kanjerwa wamba n'kotalika mamilimita 9.6 posawerengera kamutu, ndipo kanjerwa kopyapyala n'kotalika mamilimita 3.2, kutanthauza kuti topyapyala titatu tikasanjikizana timafanana ndi kanjerwa wamba kamodzi. Pamanambala amenewa pamatuluka chinsinsi chomwe chinasintha kamangidwe konse, choti topyapyala tisanu tosanjikizana timapanga mamilimita 16, omwe ndi ofanana ndendende ndi m'lifupi mwa timitu tiwiri. Womanga amene wadziwa zimenezi angathe kugoneka chigawo cha khoma cham'mbali n'kuchilowetsa m'khoma loima popanda kusiya mpata, ndipo njira imeneyi, yomwe omanga amaitchula mwachidule kuti SNOT, kutanthauza kuti timitu sitikuloza kumwamba, imalola kutulutsa mizere yopyapyala, zilembo ndi mafelemu a mawindo zomwe sizingatheke posanjikiza tinjerwa mwa masiku onse. Kuchuluka kwa njira zotheka n'kodabwitsa, pakuti katswiri wa masamu Søren Eilers wa ku Copenhagen anawerengera kuti tinjerwa 6 tofanana, ta timitu 8 kalikonse, tingalumikizidwe m'njira 915,103,765. Komabe ambiri mwa malumikizidwe amenewo alibe ntchito, ndipo lamulo loyamba ndi lomwe mmisiri aliyense womanga nyumba ya njerwa zootcha amalidziwa, loti mpata wa pakati pa njerwa ziwiri uyenera kuphimbidwa ndi njerwa ya mzere wapamwamba, apo ayi khoma limang'ambika.

Nyumba za Leeds zimaonetsa bwino mavuto amene womanga amakumana nawo asanagwire n'komwe kanjerwa koyamba. Choyamba ayenera kusankha mlingo, ndiye kuti kachifanizo kachepe kangati poyerekeza ndi chinthu chenicheni. Ambiri amatengera kukula kwa tianthu ta pulasitiki tomwe LEGO inatulutsa mu 1978, ndipo mlingo wake umagwera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 40 kapena 45. Pa mlingo umenewu nsanja ya Leeds Town Hall, nyumba ya khonsolo yomwe Cuthbert Brodrick anajambula ndipo Mfumukazi Victoria anaitsegula mu 1858, yotalika mamita oposa 68, ingafike mita imodzi ndi theka, ndipo nyumba yonseyo singakwane pa tebulo la m'nyumba wamba. N'chifukwa chake ena amasankha mlingo waung'ono kwambiri, momwe kanjerwa kopyapyala kamodzi kamaimira nsanjika imodzi ya nyumba, ndipo pamenepo luso limakhala losankha zoti zisiyidwe popanda kutaya nkhope ya nyumbayo. Vuto lina lili pa Corn Exchange, msika wakale wa mbewu wojambulidwa ndi Brodrick yemweyo, womwe makoma ake ndi ozungulira ngati dzira pomwe kanjerwa n'ka ngodya zinayi. Omanga amathana ndi mapindikidwe otere pogwiritsa ntchito kampata kakang'ono kamene opanga amasiya pakati pa tinjerwa toyandikana, kotero kuti khoma lalitali la tinjerwa tifupitifupi limalola kupindika pang'onopang'ono, kapena polumikiza zigawo zowongoka ndi timahinjesi. Ngakhale mtundu umavuta, chifukwa nyumba zogundana misana, zomwe ku Leeds zinapitiriza kumangidwa mpaka 1937, ndi za njerwa zofiira zodetsedwa ndi utsi, ndipo khoma la kufiira kumodzi limaoneka lakufa pokhapokha womanga atasakaniza kufiira kodera, kofiirira ndi kotuwa mosatsata dongosolo looneka. Omanga masitima nawo ali ndi mkangano wawo wakale, pakuti masitima a kampani nthawi zambiri amakhala a timitu 6 m'lifupi, pomwe amene akufuna kufanizira bwino injini yeniyeni amamanga a timitu 7 kapena 8, ndipo 7, pokhala nambala yosagawika pawiri, imafuna kanjerwa kapadera kokhala ndi kamutu pakati kuti thupi la injini likhale pakatikati pa njanji.

Wowerenga wa ku Malawi sangaone zachilendo m'kaganizidwe kameneka. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya amayamba ayang'anitsitsa lole yeniyeni, amasankha mizere yochepa yoti ionetse mtundu wake, amamanga mfundo ndi malegeni, n'kusema matayala kuchokera ku patapata wakutha, ndipo palibe buku limene limamuuza chochita. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe ali mnyamata anamanga makina opangira magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakale, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, anachokera m'mwambo womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti waya umapindika mmene mwini wake afunira, pomwe kanjerwa sikasintha, ndipo omanga ambiri amaona kudula, kupenta kapena kumata kanjerwa ndi guluu ngati kugonja. Malire amenewo ndiwo amapatsa ntchitoyi ulemu wake, chifukwa yankho lililonse liyenera kupezeka mkati mwa zidutswa zomwe aliyense angathe kukhala nazo, ndipo yankho likapezeka limakhala chuma cha onse.

Kwa zaka zambiri akuluakulu okonda tinjerwa ankamanga mobisa, aliyense akuganiza kuti ali yekha, ndipo ambiri ankasiya ali achinyamata n'kudzayambiranso atakhala ndi ana awo, nyengo yomwe iwo eni amaitcha ya mdima. Intaneti ndiyo inawakumanitsa m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'nthawi imeneyo munabadwa mawu achidule omwe akugwirabe ntchito, monga AFOL, munthu wamkulu wokonda LEGO, ndi MOC, chinthu chomwe munthu wachilingalira ndi kuchimanga yekha. Mu 1995 James Jessiman wa ku Australia anatulutsa LDraw, pulogalamu ya pa kompyuta yolola munthu kumanga ndi tinjerwa tojambulidwa tomwe alibe m'nyumba mwake, ndipo atamwalira mu 1997 anthu odzipereka anapitiriza kujambula chidutswa chilichonse chatsopano. Mu 2000 Dan Jezek anayambitsa msika wa pa intaneti womwe unadzatchedwa BrickLink, momwe anthu wamba amagulitsana tinjerwa kamodzikamodzi, ndipo zimenezi zinamasula womanga ku bokosi, chifukwa wofuna tinjerwa 400 ta mtundu umodzi sankafunikanso kugula mabokosi makumi angapo. Kuyambira pamenepo panaoneka njira ziwiri zomwe zilipobe mpaka lero: ena amayamba pa kompyuta, kumaliza chifanizo chonse, n'kuitanitsa zidutswa zokhazo zofunika, pomwe ena amakhuthula zomwe ali nazo pa tebulo n'kulola kuti chidutswa chachilendo chiwapatse ganizo. Njira yoyamba imasunga ndalama koma imanyenga, pakuti pa kompyuta palibe kulemera ndipo denga lopanda mzati siligwa, pomwe yachiwiri imachedwa koma imaphunzitsa zala kudziwa pomwe pali pofooka.

Ku Britain omangawa anakhazikitsa bungwe la Brickish mu 2002, ndipo kumpoto kuli gulu la Northern Brickworks, lomwe mamembala ake amanyamula zifanizo zawo kupita ku zionetsero za m'maholo ndi m'nyumba zosungira masitima akale. Kampani ya LEGO poyamba sinkawalabadira, ndipo mu 2004 inawakhumudwitsa posintha mtundu wotuwa womwe omanga nyumba za miyala anali atausonkhanitsa kwa zaka zambiri, kotero kuti tinjerwa tatsopano sitinkagwirizana ndi takale pa khoma limodzi. Koma m'zaka za 2003 ndi 2004 kampaniyo inali itatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, ndipo utsogoleri watsopano wa Jørgen Vig Knudstorp unazindikira kuti akuluakuluwa ndi ogula okhulupirika komanso nkhokwe ya maganizo. Mu 2007 inatulutsa Café Corner, nyumba yojambulidwa ndi Jamie Berard, yemwe anali womanga wamba asanalembedwe ntchito, ndipo pambuyo pake inatsegula njira ya LEGO Ideas, momwe chifanizo chomwe chapeza ochivomereza 10,000 chimaunikidwa kuti mwina chigulitsidwe m'masitolo. Mumzinda wa Leeds muli sitolo ya LEGO mu Trinity Leeds, malo a masitolo omwe anatsegulidwa mu 2013, ndipo khoma lake la tinjerwa todzisankhira limakopa omanga ofuna zidutswa zambiri za mtundu umodzi. Ntchito yaikulu kwambiri ya anthu wamba kumpotoku inachitikira ku Durham, komwe pakati pa 2013 ndi 2016 alendo ndi eni mzinda anamanga chifanizo cha tchalitchi chawo chachikulu ndi tinjerwa pafupifupi 300,000, aliyense akupereka paundi imodzi pa kanjerwa komwe waika, pofuna kuthandiza ntchito yokonza malo osungiramo chuma chakale cha tchalitchicho. Ku Manchester chionetsero cha Bricktastic chimasonkhanitsa ndalama za bungwe la Fairy Bricks, lomwe limapereka mabokosi a tinjerwa kwa ana ogonekedwa m'zipatala.

Ubale umenewu ndi kampani uli ndi mbali yodetsa nkhawa. Mabokosi okonzedwera akuluakulu akuchulukirachulukira, ndi okwera mtengo, ndipo ambiri amamangidwa kamodzi motsatira buku n'kuikidwa pa shelefu osaphwasulidwanso, zomwe zikutsutsana ndi cholinga cha Hornby ndi Page, omwe ankafuna kuti chidutswa chimodzi chigwire ntchito kambirimbiri. Chitetezo cha luso la 1958 chinatha mu 1978, ndipo makhothi anakana kangapo kulola LEGO kutsekereza ena kupanga tinjerwa ta muyeso womwewo, kuphatikizapo pa mlandu wake ndi kampani ya Tyco womwe unagamulidwa ku London mu 1988, choncho lero pali tinjerwa totsika mtengo tochokera ku makampani ena, ngakhale kuti zionetsero zambiri za omanga sizitilandira. Mu 2019 LEGO inagula BrickLink pamodzi ndi pulogalamu yake yojambulira yotchedwa Studio, kutanthauza kuti msika umene omanga anadzipangira okha kuti asadalire bokosi tsopano uli m'manja mwa wopanga bokosiyo. Nkhokwe ya zidutswa ya LDraw, yomwe mapulogalamu ambiri ojambulira amadalira, ikadali yaulere ndipo ikusamalidwabe ndi anthu odzipereka osalipidwa.